Mbewu ya Kutsindwi

M'khitchini ya agogo anga, cha pamwamba pa mafuwa, munkalendewera mtolo wa chimanga chomangidwa ndi makoko ake omwe. Chinali chakuda bii ndi mwaye. Tili ana tinkachiyesa chimanga choiwalika, moti chaka china mu Novembala, mvula isanagwe, nkhokwe itatsala pansi penipeni, ndinakwera pampando kuti ndithothole ngala imodzi tikazinge. Agogo sanakalipe. Anangondigwira mkono n'kunena motsitsa kuti, "Mwana wanga, icho si chakudya ayi. Ndi chaka chamawa."

Tsiku limenelo tinagonera phala la madeya, chimanga chili pompo pamutu pathu.

Ndimakumbukira mmene ankachisankhira. Pokolola, ife tikungoponya m'dengu, iwo ankaimika dzanja pa ngala yotsekeka bwino kumutu, n'kuisenda pang'ono, n'kukanikiza njere ndi chikhadabo. Ikakhala yolimba ankaiika padera. Nthawi yobzala ikayandikira, ankatonola njere zapakati zokha. Zakumutu ndi zakutsinde zinkapita kumtondo. Nzama ndi khobwe ankazithira phulusa n'kuzitsekera m'nsupa. Nthanga za dzungu lotsekemera sankataya, ngakhale dzungulo tadyera kwa eni. Pakhoma pankapachikika zikwatu za mfutso wa nkhwani ndi chitambe, ndiwo za m'chilimwe. Agogo sankadziwa kulemba dzina lawo, koma m'khitchini yofuka utsi ija ankasunga mbewu zimene anazilandira kwa amayi awo, ndipo sanapemphepo chilolezo kwa munthu kuti abzale chiyani, liti, pati.

Lero ndimakhala m'tauni, ufa ndimagula wa m'pepala. Ndi kuno kumene ndinamva mawu akuti kudzilamulira pa chakudya. Poyamba ndinawatenga ngati mawu a kumisonkhano ya m'mahotela, amene amatha pamodzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kenako ndinamva kumene anachokera. Anawabweretsa ndi alimi ang'onoang'ono a bungwe la La Via Campesina mu 1996, pamene atsogoleri a maiko anakumana ku Rome kukambirana za njala. Mu 2007 alimi, asodzi ndi abusa a ziweto ochokera m'maiko ambiri anasonkhana ku Sélingué, m'dziko la Mali, kuti amasulire bwino mawuwo. Msonkhanowo anautcha Nyéléni, dzina la mkazi amene nthano za kumeneko zimamukumbukira chifukwa cha luso lake pa ulimi. Anthu onse aja, posaka dzina loti liimire ufulu wa wolima, anakapeza la mkazi wa khasu m'manja. Nditamva zimenezi, maganizo anga anabwerera kutsindwi kuja.

Kukhuta ndi kwina, kudzilamulira ndi kwina. Mbuzi ya pachingwe nthawi ya dzinja nayonso imakhuta, koma imadya pomwe mwini waikhomera chikhomo.

Sindinyoza makuponi a feteleza. Kuyambira 2005, boma la Bingu wa Mutharika litayamba kugulitsa feteleza ndi mbewu pamtengo wotsika, nkhokwe zambiri zinadzaza, ndipo amene anaona njala ya 2002 sangaiwale kupuma kumene kunabwera. Koma ndaonanso amayi atagona pakhonde la depoti ina masiku atatu, ana ali kumsana, kudikira thumba limene silinafike, kumunda udzu ukukula. Mbewu ya haibulidi imabereka, inde, koma ukaibwereza chaka chachiwiri imafooka, ndiye uyenera kubwerera kusitolo chaka ndi chaka. Feteleza amachokera kutsidya kwa nyanja. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unauluka, ndipo mayi wa ku Ntcheu amene sanaonepo dola m'moyo wake anaimva dolayo m'munda mwake.

Pali nkhani ina imene imandimwetulitsa. Kwa zaka zambiri akatswiri ankadabwa kuti bwanji alimi a m'Malawi akukakamira chimanga cha makolo pomwe haibulidi ilipo. Yankho linali mumtondo. Haibulidi ya nthawi imeneyo inali yofewa: pokonola inkaphwanyika, mphale yambiri n'kuthera m'gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankaiyamba msanga. Amene ankadziwa zimenezi ndi amene ankagwira munsi. Mu 1990 akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu za njere zolimbirapo, zokonoka bwino. Amayi sanalembe kalata, sanachite chionetsero. Anangokana mwakachetechete, mpaka sayansi inagwada pamtondo.

Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, zinthu zinayambira m'chipatala. Namwino wina, a Esther Lupafya, ankaona ana operewera zakudya m'thupi akugonekedwa, kuchira, kubwerera kumudzi, kenako n'kubweranso ali chimodzimodzi. Mu 2000, iwo pamodzi ndi a Rachel Bezner Kerr ndi anzawo ena anayambitsa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities. Alimi eni ake ndiwo ankayesa njira zatsopano m'minda mwawo: kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, kukwirira masangwi ndi masamba m'malo mowatentha, n'kudzabzalapo chimanga chaka chotsatira. Mbewu za mtundu wa nyemba zimabwezera chonde m'nthaka, ndiye dothi lotopa lija linayamba kutsitsimuka popanda kudikira thumba lochokera kutali.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi chimene anatulukira pambuyo pake. Mtedza ukhoza kudzaza thumba, mwana n'kukhalabe wonyentchera. Bambo akautengera kumsika ndalama n'kuthera kumowa, kapena mayi akakhala yekha pa khasu, pamtondo, kuchitsime ndi kunkhuni, phala la mwana lidzaphikidwa nthawi yanji? Choncho anayamba kuitana abambo ndi agogo ku masiku ophunzitsana kaphikidwe, kumene amuna ankagwira mthiko anthu akuona, ndipo nkhani ya amene amalamulira zokolola inakambidwa poyera. Mmodzi mwa alimi a kumeneko, a Anita Chitaya a m'mudzi wa Bwabwa, anafika mpaka ku America kukauza alimi ndi akuluakulu a kumeneko mmene kusintha kwa nyengo kwasokonezera mvula ya kwawo. Ulendowo uli mu filimu ya The Ants and the Grasshopper, ya mu 2021. Koma asanakwere ndege, anali atayamba ndi ntchito yovuta kuposa apo, youza amuna a m'mudzi mwawo momwe kuti kutunga madzi sikuthothola ndevu.

Apa ndi pamene ndinaona kuti chilungamo pa chakudya chimayambira pakhomo. Kwathu kwa Achewa timanyadira kuti munda ndi wa mbumba, mwamuna ndi mkamwini. N'zoona. Koma ndaona amayi a munda wawowawo akusiya chimanga chawo chili m'thengo mu Januwale, kupita kukapalira kwa ena ganyu wa mbale ya ufa, chifukwa ndalama za fodya zinapita ndi bambo ku tauni. Njala ya lero imadya zokolola za mawa, ndipo chaka chamawa adzapitanso kuganyu komweko. Kumadera a malowolo vuto limavala nkhope ina: mwamuna akamwalira, mkazi amene wathira thukuta m'munda zaka makumi awiri amatha kuuzidwa kuti malowo si ake. Mu Okutobala 2016 amayi akumidzi ochokera m'maiko ambiri a mu Africa anasonkhana m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, ena n'kukwera mpaka pamwamba, kukanena kuti wolima nthaka akhale ndi mawu pa nthakayo. Ndimadzifunsa kuti munthu amene msana wake ukuoneka m'munda uliwonse anafunikiranji kukwera phiri lalitali chotere kuti aoneke.

Agogo anatisiya kalekale. Khitchini ija inagwa, ndipo pamalopo panamera bonongwe. Koma mbewu ija sinafe. Amayi anga aang'ono ndiwo anaitenga. Amabzala haibulidi akaipeza, sakana, koma mizere ya kumunsi kwa munda, kufupi ndi chulu, imakhala ya chimanga cha makolo, maungu akuyanga pansi, khobwe akukwera mapesi. Chaka cha ng'amba cha 2024, pamene maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi, iwonso anakolola zochepa. Komabe mtolo unakwera kutsindwi monga mwa nthawi zonse, ndipo mvula itayandikira amayi anzawo ankabwera mmodzimmodzi madzulo, mbale itabisidwa m'chitenje. Ankawapatsa kapu ziwiri, kapu zitatu, n'kungoti, "Mukakolola mudzandikumbukire." Palibe fomu, palibe chidindo. Kupatsa n'kuika, ndipo mbewu ikakhala m'makomo khumi, moto wa nyumba imodzi sungaithe.

Nditapita kukawaona chaka chatha, potsanzikana anandimangira njere zodzaza manja awiri m'kansalu.

"Mayi, kutauni kulibe munda," ndinatero.

"Kuseri kwa nyumba kulibe dothi?" anandifunsa.

Ndinabzala mapando makumi awiri m'mbali mwa mpanda. Ndinakolola ngala zosakwana n'dengu lomwe, ndipo ana anazimaliza zili zaziwisi, kupatula zitatu zimene ndinazisiya kuti ziume. M'khitchini yanga mulibe utsi wa nkhuni woti uthamangitse anankafumbwe, choncho ndinatonola njere zapakati, n'kukapempha phulusa kwa mayi wogulitsa mandasi pamsewu wathu. Zili m'botolo pamwamba pa kabati. Mwana wanga wamng'ono analiona tsiku lina, nakoka mpando kuti akwere. Ndinamugwira mkono.