Bwato Limagulidwa M'madzi, Osati Pamchenga

Ana anga, mpunga ukagulidwa kuno ku Chama ndalama zimatentha m'thumba, ndipo ena mwa inu mwayamba kufunsa za mabwato ogwiritsidwa kale ntchito. Maganizowo ndi abwino. Kuyambira kwa Kambombo, kutsika kwa Tembwe ndi kwa Chikwa mpaka kwa Chifunda, mtsinje wa Luangwa ukadzaza munthu wa bwato sagona ndi njala: amawolotsa anthu, amanyamula matumba, amatchera maukonde. Koma bwato lakale limabisa zambiri, ndipo wogulitsa sangakuululireni zonse. Khalani pansi ndikuuzeni.

Musanafunse mtengo wake, dzifunseni kuti bwatolo lidzayenda pamadzi ati. Amene mudafika ku nyanja ya Malawi mudaona zombo za matanga zikuyenda pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique, mitima n'kukopeka. Luso limenelo ndi lakale, a Jumbe a ku Nkhotakota ankayenda nazo kale m'zaka za m'ma 1800. Komatu thanga limafuna madzi otakasuka ndi mphepo yokhazikika ngati mwera. Luangwa ndi wokhotakhota: mphepo imene ikukukankhani pano ikutsekerani njira mukangokhota. M'chilimwe madzi amaphwa, mchenga n'kutuluka pakati pa mtsinje; m'dzinja amabwera ndi mitengo yozuka imene imabisala pansi. Kuno kumafunika bwato losalowa kwambiri m'madzi, lomvera nkhafi ndi mtengo wokankhira. Amene adzasamukire kunyanja n'kufuna chombo cha thanga, akayang'ane tsinde la mlongoti ngati silidawole, misoko ya thanga, zingwe ndi chiwongolero, ndipo akayambe wayenda ndi eni nyanja nyengo yathunthu asanatulutse ndalama.

Tsono mukafika pa bwato logulitsidwalo, funsani kuti lidasemedwa kumtengo wanji. Mbawa ndi mchenja zimakhalitsa. Mvunguti umasemeka msanga koma sukhalitsa ngati inayo, choncho bwato la mvunguti lokalamba musalipire ngati la mbawa. Wogulitsa akapanda kudziwa mtengowo kapena amene adasema, dziwani kuti bwatolo ladutsa m'manja ambiri.

Litembenuzeni, chifukwa bwato limafera kumimba. Kulikoka pamchenga tsiku ndi tsiku kumalidya pansi mpaka kupyapyala. Tengani nkhwangwa, muligogode ndi kumsana kwake kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Mtengo wamoyo umalira momveka. Pamene pawola pamangoti phu phu. Pamenepo lasani ndi nsonga ya mpeni. Ikalowa mosavuta, bwatolo latha. Chitani chimodzimodzi kunsonga zonse ziwiri, poti kuwola kumakonda kuyambira kumeneko. Mukaona timabowo tikutuluka ufa, mtengowo wafumbwa m'kati.

Chigamba si mlandu. Bwato logwira ntchito silisowa chigamba, ndipo mng'alu waufupi wa m'mbali, womatidwa bwino ndi phula, ungakutumikireni zaka. Choopsa ndi mng'alu wotsata utali wa bwato kumimba, chifukwa umakula nthawi iliyonse mukasenza katundu. Chenjeraninso ndi lata lalikulu lokhomedwa ndi misomali ya dzimbiri. Pemphani kuti alikanganule muone chimene laphimba. Akakana, yankho mwalipeza. Penti watsopano pa bwato lakale asakusangalatseni: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Likakhala la matabwa, yang'anani nthiti zake ndi mipata ya pakati pa matabwa. Bwato lotere likakhalitsa padzuwa matabwa amafota, ndipo limayamba lachucha mpaka atafufumanso, choncho liviikeni masiku angapo musanaliweruze.

Zonsezi ndi chiyambi chabe. Chiweruzo chenicheni chili m'madzi. Lilowetseni pamalo osaya, muikemo katundu wofanana ndi amene mudzanyamule. Ngati ndi mpunga, ikani matumba a makilogalamu 50 enieni, osati kungoyerekeza ndi maso. Kwerani, mukhalemo ola lathunthu osakapa madzi, muone mmene alowera ndi pamene akulowera. Onani ngati likupendamira mbali imodzi. Palasani mokwera mtsinje, mutembenuke, mumve ngati likumvera. Yesani ndi dzanja kuchokera pamadzi kufika pamilomo ya bwato: pakatsala zala ziwiri kapena zitatu zokha, katunduyo wachuluka, ndipo kafunde kamodzi kadzakumizani. Pochita zimenezi tengani mmisiri wosema mabwato kapena msodzi wachikulire amene alibe chibale ndi wogulitsa. Kangachepe kamene mungamupatse n'kochepa poyerekeza ndi zimene angakupulumutseni.

Kwa woyamba kumene, bwato lalikulu ndi msampha. Limafuna opalasa awiri, limavuta kulikoka, ndipo limakunyengani kuti munyamule anthu ambiri musanaudziwe mtsinje. Yambani ndi lapakatikati, lotakata pansi, limene mungaliwongolere nokha. Lalikulu mudzagula ndi ndalama zimene laling'onolo lidzakupezereni.

Musathere ndalama zonse pa bwato lenilenilo. Siyani zina za nkhafi ziwiri, chingwe cholimba, phula, chigubu chokapira madzi ndi majekete oyandamitsa. Ngati cholinga chanu ndi usodzi, pitani ku ofesi ya zausodzi pa boma mukamve za chilolezo ndi maukonde ololedwa, poti lamulo la zausodzi la 2011 lilipo ndipo limaluma. Kumbukiraninso kuti m'madzi ambiri a Zambia usodzi umatsekedwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Wogula bwato ndi ngongole awerengere miyezi itatu imeneyo. A kwa Chifunda mukudziwa kuti kutsidya kuli North Luangwa National Park. Funsani oyang'anira nyama zakutchire malire ake musanaponye ukonde. Ndipo amene akuti bola kungosemetsa latsopano adziwe kuti lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo podula mitengo yotere, komanso mitengo ikuluikulu yoyenera bwato ikusowa. N'chifukwa chake bwato lakale lolimba ndi chuma.

Ndalama zisaperekedwe kuseri. Pitani kwa anyakwawa ndi mboni, mulembe kalata yosonyeza wogulitsa, wogula ndi ndalama zimene zaperekedwa. Madzi osefukira amakokolola mabwato, ena amawatola kumunsi n'kuwagulitsa ngati awo. Mwini wake akadzalizindikira, mudzataya bwato ndi ndalama zomwe.

Mukagula, musathamangire kuwolotsa anthu. Phunzirani kaye ndi wodziwa, muloweze maiwe amene mvuu zimakhala ndi madooko amene ng'ona zimakonda. Pewani chisisira ndi mbandakucha, nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya ndi kubwerera m'madzi. Mayi wokwera ndi mwana kumbuyo sadalipo pamene mumagogoda bwatolo, wangokhulupirira inu. Choncho wogulitsa akamakufulumizani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni wa mawayo agule. Kubwerera kumudzi ndi ndalama zanu m'thumba si manyazi, ana anga. Mabwato ogulitsa adzapezekanso chaka chamawa.