Mau Akakula Kuposa Mwana

Kodi munthu akakhulupirira kuti mwana wina ndi wosankhika, kuti za iye zinanenedwa asanabadwe, ali ndi mangawa otani kwa mwanayo? Funso limeneli, amai anzanga, lili pakati pa nthano zimene ana ndi adzukulu athu amakonda kuonerera, za maiko akuthambo, zombo zouluka pakati pa nyenyezi ndi makina olankhula. Pa Cingerezi amazicha science fiction. Ndi zopeka ndithu, koma monga nthano za kalulu, zimanena za ife anthu.

Yochuka koposa ndi Star Wars, imene George Lucas wa ku America anayamba mu 1977. Mu filimu ya 1999, The Phantom Menace, muli kamnyamata ka zaka 9, Anakin Skywalker, kapolo pamodzi ndi amake, Shmi, m'dziko lacipululu lochedwa Tatooine. Kunafika mlendo, Qui-Gon Jinn, wa gulu la a Jedi, anthu odzipatula osunga mtendere mwa mphamvu yosaoneka imene amaicha Force. Mlendoyo anayesa magazi a mwanayo napeza kuti mphamvuyo inali mwa iye kuposa mwa Jedi ali yense. Atafunsa za atate wake, Shmi anayankha kuti panalibe atate. Inu odziwa Mau mwaona kale kumene Lucas anabwereka mfundo imeneyi, koma nthano yake ilowera kwina. Pomwepo Qui-Gon anakumbukira uneneri wakale wa gulu lao, wonena za Wosankhika.

Codabwitsa ndi cakuti m'mafilimuwa palibe amene awerenga uneneriwo wonse kuti ife timve. Tingomva kacidutswa, kuti kudzabwera wina wodzalinganiza Force. Nanga kulinganiza n'kutani? Pa sikelo ya pamsika, kulinganiza ndiko kuti mbali ziwiri zifanane. A Jedi anali zikwi, pamene adani ao, a Sith, amakhala awiri okha nthawi zonse, mphunzitsi ndi wophunzira. Munthu wocenjera akadacita mantha nadzifunsa: ngati sikelo yapendekera kwa ife cotere, wodzalinganizayo adzacotsa kwa yani? A Jedi sanadzifunse. Anamasulira kuti Wosankhikayo adzaononga a Sith, ndiko kunena kuti adzawamenyera nkhondo iwo. Ndi mu filimu ya 2005, Revenge of the Sith, madzi atafika kale m'khosi, m'mene nkhalamba Yoda, mkulu wao, anayamba kukaika kuti kapena uneneriwo anaumva molakwa.

Wokhulupirira koposa anali Qui-Gon, ndipo ndi iye amene andivuta. Sanali munthu wouma mtima. Anabecha ndi Watto, mwini akapolowo, pa mpikisano wa liwiro, nafuna kuombola onse awiri. Watto anakana, nati mmodzi yekha, ndipo anatulutsa kamwala ka maere: mbali ina mwana, mbali ina mai. Qui-Gon anagwiritsa nchito mphamvu yake mobisa kuti maerewo agwere mwana. Anakin anapambana mpikisanowo, namasuka, nacoka ndi mlendoyo. Amake anatsala ali ciriri pakhomo, akali kapolo.

Tsono onani cimene cinatsatira. Mwanayo atafika pa bwalo la akulu a Jedi, iwo anaona kuti maganizo ake ali kwa amake. Iye anavomera kuti awasowa. Yoda anati amenewo ndi mantha, ndipo mantha ndiyo njira yopita ku mdima. Poyamba anakana kumphunzitsa, nati wakula kale. Anavomera pambuyo pake, Qui-Gon atafa ndi kusiya mwanayo m'manja mwa wophunzira wake, Obi-Wan Kenobi. Yoda sananame, manthawo analipodi. Koma kodi mwana wa zaka 9 wosiya amake m'ukapolo angalekerenji kucita mantha? Anaona utsi, osafuna kuona moto. Zaka 10 zinapita, ndipo mafilimu sationetsa ngakhale Jedi mmodzi wobwerera kukaombola maiyo. Amene anamgula ndi kummasula anali mlimi wamba wa m'cipululu, Cliegg Lars, wosadziwa kanthu za uneneri, amene pambuyo pake anamkwatira.

Gulu lonse linali kutsutsana ngati mwanayo ndi Wosankhika kapena ai. Ena anakhulupirira, ena monga Mace Windu anakaika. Koma wokhulupirira ndi wokaika yemwe anali kuyang'ana cinthu cimodzi, ndico uneneri. Kwa woyamba mwanayo anali yankho, kwa waciwiri anali ngozi. Kuti ndi mwana wosowa amake, zimenezo sizinali m'mau a uneneriwo, cotero sizinali nchito ya munthu ali yense.

Ndipo mwanayo anamasulira bwanji? Kuno kwathu timati mwana ndi bango, akafa aphuka wina, potonthoza wofedwa. Koma Anakin anakula akumva kuti iye ndi bango losaphukanso, loposa onse. Mu filimu ya 2002, Attack of the Clones, anapeza amake atagwidwa ndi anthu a m'cipululu, namwalira ali m'manja mwake. Usiku womwewo anapha mudzi wonse wa owagwirawo, akazi ndi ana omwe. Kenaka analumbira kuti adzakhala Jedi wamphamvu koposa onse, kufikira adzaletsa anthu kufa. Kwa iye kusankhika kunatanthauza kuti sayenera kutaya kanthu. Pamene analota kuti mkazi wake Padmé, amene anamkwatira mobisa, adzafa pobala, anapita kwa Yoda, koma sakanatha kuulula zonse cifukwa a Jedi saloledwa kukwatira. Yoda anamlangiza kuti aphunzire kuleka zimene aopa kutaya. Amene anamchera khutu anali Palpatine, wandale wosyasyalika amene mobisa anali mkulu wa a Sith. Uyu anadziwa cimene a Jedi anaiwala, kuti mnyamatayo ali ndi bala, ndipo anagwira pabalapo nalonjeza mphamvu yogonjetsa imfa.

Pano tisamcitire cifundo copitirira. Anakin analowa m'nyumba ya a Jedi napha ndi tiana tomwe tophunzira, timene tinaturuka pobisala titamuona poyesa wadza kutipulumutsa. Uneneri sunagwire dzanja lake, ngakhale kunyalanyaza kwa akulu aja. Anasankha yekha. Koma mverani kulira kwa Obi-Wan atamgonjetsa m'dziko lamoto la Mustafar. Anayamba ndi kumkumbutsa kuti iye ndiye anali Wosankhika, woyenera kuononga a Sith, osati kulowa gulu lao. Pambuyo pake ndi pamene ananena kuti anali mbale wake ndipo anamkonda. Mau aciwiriwo akadanenedwa kale, ndiponso akadayamba ndiwo.

Nkhani yotere siili mu Star Wars mokha. M'buku la Frank Herbert la 1965, Dune, uneneri ndi wocita kubzala. Gulu la akazi lochedwa Bene Gesserit linafesa mau a mpulumutsi pakati pa a Fremen, anthu oponderezedwa a m'cipululu, kuti wa gulu lao akadzagwa m'mavuto kumeneko adzapeze pothawira. Jessica ndi mwana wake Paul anapulumukadi ndi mau amenewo. Koma Paul anaona Stilgar, mtsogoleri wolimba mtima amene kale anali bwenzi lake, akusanduka womlambira, ndipo anazindikira kuti wataya mnzake. Womlambira sangamuuzenso kuti walakwa. M'buku lotsatira la 1969, Dune Messiah, nkhondo yocitidwa m'dzina la Paul inali itapha anthu 61 biliyoni.

Wina adzati: komatu Qui-Gon ananena zoona. Indedi, Lucas mwini ananena kuti Anakin ndiye Wosankhika, ndi kuti anakwaniritsa uneneriwo pamapeto. Koma kunena zoona za mawa la mwana sikucotsa mangawa a lero lake. Ndiponso taonani m'mene unakwaniritsidwira. Zaka zoposa 20 zinapita Anakin ali Darth Vader, wobvala cisoti cakuda cophimba nkhope, wopuma ndi makina. Yoda ndi Obi-Wan anali atamtaya. Anakonzekeretsa mwana wake, Luke, kuti akamenyane naye. Luke anakana kupha atate wake, nataya cida cake pansi, akuumirira kuti mwa iwo mukali ubwino.

Filimu imeneyo, Return of the Jedi, inaturuka mu 1983, zaka 16 Lucas asanatiuze za uneneri, cotero m'menemo palibe auchula. Luke sanapite kukafuna Wosankhika, anapita kukafuna atate wake. Ndipo Vader sananyamule Palpatine ndi kumponya m'dzenje cifukwa cokumbukira mau akale. Anaona mwana wake akuphedwa pamaso pake, akufuula kuti atate amthandize. Atavulala kufikira imfa, anapempha cinthu cimodzi: kuti Luke amvule cisoti cija, amuone ndi maso ake enieni. Luke anawacenjeza kuti akavula adzafa. Iwo anati palibe cingaletse zimenezo tsopano, ndipo mwanayo anawavula.