Mapanga awiri avumbwitsa

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mvula ikakupeza m'phiri, phanga lina lili kumtunda, lina kumunsi, iwe n'kuyamba kuthamangira ili, mtima n'kukuuza kuti labwino ndi lija, umakafika utavumbwa kale. Mwambiwu timakonda kuuponyera bambo wamitala, amene amagona ndi njala chifukwa mkazi aliyense akuyesa kuti wadya kwa mnzake. Koma ana inu, mukafuna kuona munthu amene mwambiwu unamugwira pakhosi, muyang'ane Adolf Hitler.

Chodabwitsa n'chakuti iyeyu ankadziwa. Anamenya nawo nkhondo ya 1914, ija makolo athu ankaitcha ya chiwaya, ndipo anaona mmene Germany inalefukira pomenyana kum'mawa ndi kumadzulo nthawi imodzi. N'chifukwa chake mu Ogasiti 1939 anayamba wapangana kaye ndi Stalin wa ku Soviet Union kuti asaputane, pa 1 Seputembala n'kulowa m'Poland. France inagwa mu Juni 1940. Kunatsala Britain, tsidya lina la madzi. Anatumiza ndege zake miyezi ingapo kuti zikaswe ndege za Angerezi, koma sanaphule kanthu. Wanzeru akanakhala pansi pamenepo. Iye anasiya ntchito ili pakati, pa 22 Juni 1941 n'kutembenuzira asilikali oposa 3 miliyoni ku Soviet Union. Mu Disembala chaka chomwecho, anyamata ake akuuma ndi chisanu kunja kwa Moscow, analengezanso nkhondo ndi America.

Nkhondo yamakono imadya chitsulo ndi mafuta. Chitsulo chimene wapangira kasinja sungapangirenso sitima yoyenda pansi pa madzi, ndipo ndege imene ikulondera Berlin singakhalenso ku Russia tsiku lomwelo. Mvula inamupeza mu 1943. Mu Febuluwale gulu lake lalikulu la asilikali linagonja ku Stalingrad. Mu Meyi ena, pamodzi ndi Mataliyana, anakweza manja ku Tunisia. Mwezi womwewo sitima zake za pansi pa madzi zinamizidwa pafupifupi 40, mpaka mkulu wake Karl Dönitz anazichotsa kumpoto kwa Atlantic. Mu Julayi mzinda wa Hamburg unapsa ndi mabomba. Pamtunda, panyanja ndi mumlengalenga, zonsezi m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndinene pano chimene mafilimu a azungu sakonda kuonetsa: asilikali ambiri a Hitler anafera kum'mawa, ndipo Soviet Union inalipira ndi anthu ake pafupifupi 27 miliyoni.

Mussolini wa ku Italy ndiye pusi uja wa ichi chakoma, ichi chakoma. Analowa nkhondo pa 10 Juni 1940 ataona kuti France ili pafupi kugwa, n'kuukira Somaliland ya Angerezi mu Ogasiti, Egypt mu Seputembala, Greece mu Okutobala. Apa m'pamene nkhaniyi imalowera m'mudzi mwathu. A ku Mzuzu mukuidziwa Moyale Barracks. Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene mu Julayi 1940 kagulu ka asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland kanalimbana ndi Mataliyana pafupifupi masabata awiri kasanachoke usiku. Ku Ndola kuli Tug Argan Barracks. Tug Argan ndi mpata wa pakati pa mapiri ku Somaliland, kumene anyamata a ku Northern Rhodesia ndi a ku Nyasaland anamenya nkhondo mu Ogasiti 1940, n'kubwerera ku Berbera kukakwera sitima. Ku Chipata kuli Gondar Barracks, ndipo ku Gondar n'kumene Mataliyana omaliza a ku Ethiopia anagonjera pa 27 Novembala 1941. Mataliyanawo asilikali anali nawo ochuluka, koma njira ya ku Suez inali m'manja mwa Angerezi, nyanja nayonso chimodzimodzi. Tayala likaphulika panalibe kokatenga lina.

Japan inali itamira kale m'matope a ku China kuyambira 1937. Osatulukamo, pa 7 Disembala 1941 inaphulitsa Pearl Harbor, masiku omwewo n'kugwera Malaya, Hong Kong ndi Philippines. Singapore inagwa mu Febuluwale 1942, Burma n'kutsatira. Pa Midway, mu Juni chaka chomwecho, inataya sitima zinayi zonyamula ndege, ndipo pang'ono ndi pang'ono Amereka anamiza sitima zake za katundu mpaka mafuta a ku Sumatra ndi Borneo analeka kufika kwawo. Mu 1944 mkulu wa asilikali Mutaguchi Renya anatumiza anthu ake kudutsa mapiri kupita ku Imphal ndi Kohima ku India, atanyamula kamba wa masabata ochepa okha, powerengera kuti akadya za m'nkhokwe za Angerezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nkhokwezo sanazigwire, ndipo anabwerera m'nyengo ya mvula akufa ndi njala m'njira.

Tsono apa mwambi wanga umayamba kundivuta. Ngati mapanga awiri avumbwitsa, nanga Britain inali ndi angati? Inkamenya nkhondo pamwamba pa London, panyanja ya Atlantic, pa Mediterranean, m'chipululu cha Libya, m'mapiri a Ethiopia, panyanja ya Indian ndi m'nkhalango za Burma. Inavumbwa ndithu, koma sinafe. Chifukwa chake ndi ichi: mwambi uja umanena za munthu mmodzi wa thupi limodzi. Britain inali ndi matupi a eni ake oika m'phanga lililonse. India yokha inapereka asilikali pafupifupi 2.5 miliyoni. Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa anatumiza awo. Ku West Africa kunachokera magulu awiri aakulu amene anakamenya ku Burma. America inayamba kutumiza zida ndi chakudya pangongole kuyambira Malichi 1941. Mkuwa unkachokera ku Copperbelt, ndipo miyala yambiri imene anapangira bomba loyamba la atomiki inakumbidwa ku Shinkolobwe ku Congo, pafupi pomwepa.

Wina anganene kuti mutu umodzi susenza denga, ndiye Britain inachita bwino kuitana anzake. Sindikukana kuti Hitler anayenera kugonjetsedwa. Munthu amene anapha Ayuda 6 miliyoni akanationa ife ngati chiyani? Koma denga timasenzerana ndi mnzathu wa pamudzi, amene amabwera kudzatipempha, ndipo mawa amadzasenza lathu. Kuno boma linkauza mafumu kuti apeze anyamata. Ena anapita okha, potsata malipiro ndi yunifolomu. Ena anapita chifukwa mfumu yawaloza chala.

Ganizani za mnyamata wa ku Dedza kapena ku Katete, amene madzi aakulu anawadziwa ndi a m'dambo la kwawo. Mu 1942 anakwezedwa sitima kupita ku Madagascar. Chilumbachi chinali cha Afalansa a boma la Vichy, logwirizana ndi Germany, ndipo Angerezi ankaopa kuti Ajapani achisandutsa doko lawo. Mantha amenewa sanali opanda pake, poti sitima za pansi pa madzi za Ajapani zinamiza zombo zambiri pakati pa Madagascar ndi Mozambique chaka chimenecho. Asilikali a Keyala anatsika ku Majunga mu Seputembala, n'kuyenda kutsata Afalansa mpaka anagonja mu Novembala. Kenaka ulendo wa ku Ceylon. Nyanja imeneyi inali ndi mano. Pa 12 Febuluwale 1944 sitima yotchedwa Khedive Ismail, yochokera ku Mombasa kupita ku Colombo, inaomberedwa pafupi ndi zilumba za Maldives n'kumira m'mphindi zochepa. Anthu 1,297 anafa, ambiri mwa iwo asilikali a mizinga a ku East Africa.

Amene anawoloka anapatsidwa ntchito imene ena ankati singachitike. Ajapani atathawa ku Imphal, mkulu wa asilikali a Angerezi William Slim anafuna kuti awatsate osadikira kuti mvula ileke. Gulu la 11th East African Division, mmene munali anyamata a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Kenya, Uganda ndi Tanganyika, linalowa m'chigwa cha Kabaw mu Ogasiti 1944. Chigwachi chinali chodziwika ndi malungo ndi matenda ena a m'tchire. Misewu inasanduka phala, magalimoto n'kutitimira, anthu n'kumadula mitengo kuyala pansi kuti matayala apeze poponda. Chakudya ndi zipolopolo zinkachokera kumwamba: ndege za Dakota zinkaponya katundu pa parachuti, ndipo mitambo ikatseka, tsiku limenelo chakudya chinkachepa. Kusiyana kwa magulu awiriwa kunali pamenepa. Mjapani ankayenda m'nkhalango yomweyo wopanda womuponyera kanthu. Wathu, ngakhale anali m'matope, anali ndi fakitale ya ku America kumbuyo kwake, sitima panyanja ndi ndege pamwamba. Kumayambiriro a Disembala anafika ku Kalewa, pamtsinje wa Chindwin, ndipo pamenepo panamangidwa mlatho woyandama umene asilikali ena anawolokera kulowa pakati pa Burma. Kalewa Barracks ku Ndola ndi Chindwin Barracks ku Kabwe zinatenga maina kumeneko. Arakan Barracks ya ku Lusaka ndi dzina la dera la m'mphepete mwa nyanja ku Burma komweko.

Amene anavumbwa m'malo mwa Britain si asilikali okha. Ku Bengal mu 1943, mpunga wa ku Burma utaleka kubwera, mabwato a anthu atalandidwa kuti Ajapani asawagwiritse ntchito, ndipo sitima zitatanganidwa ndi nkhondo, njala inapha anthu pafupifupi 3 miliyoni. Mfuti sinalire pakhomo pawo.

Germany inagonja mu Meyi 1945, Japan mu Ogasiti, Hiroshima ndi Nagasaki zitapsa. Anyamata anabwerera ndi mamendulo pachifuwa, ena odziwa kuyendetsa galimoto, ena odziwa kuwerenga, onse ataona mzungu akuthawa ndi kulira ngati munthu wina aliyense. Pa ndalama yothokozera, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda wa udindo womwewo mashilingi atatu ndi theka. Ndipo sipanapite zaka zambiri, mu 1952, Keyala wa ku Nyasaland anakwezedwanso sitima, ulendo uno wa ku Malaya, kukasaka anthu amene ankafuna kuchotsa Angerezi m'dziko lawo.