Fodya wako ndi uyo ali pamphuno

Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, kutanthauza kuti chomwe sunachigwire usachiwerengere. Mwambiwu ungaoneke ngati ukutsutsa mapangano amene lamulo la ku America la 1992 lidaloleza, oti kampani iike mababu ndi makina osadya magetsi ambiri m'nyumba za boma ndi ndalama zake, kenako izilipidwa kuchokera pa ndalama zimene boma lapulumutsa pa magetsi mpaka zaka 25. Otsutsa amati boma likudalira lonjezo chabe. Nkhawayo ndi yomveka, komatu wanyamula fodya pachala apa ndi kampaniyo, chifukwa imalonjeza kuchuluka kwa zopulumutsidwa, zimayezedwa chaka chilichonse, ndipo zikaperewera imaluza ndi iyo. Mphepo imalifikira boma pokhapokha likasowa akatswiri akeake otsimikizira miyeso imene kampaniyo yabweretsa.