Kodi Makwinya Ndi Matenda?

Amene ayamba kugula ufa wa kolajeni ndi makapisozi a tizilombo tabwino ta m'matumbo, totchedwa maprobayotiki, amafunsa kawirikawiri ngati munthu angamwe ziwirizi pamodzi osadzipweteka. Yankho lake n'lalifupi: kwa munthu wabwinobwino sizilimbana, pakuti kolajeni, amene ali ulusi womanga khungu, minyewa ndi mafupa, akafika m'mimba amagayidwa monga nyama ina iliyonse, pamene tizilomboto timapitirira kukakhala m'matumbo, koma mayi woyembekezera, ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, ayambe wafunsa dokotala. Funso limene lindilemera ine ndi lina: kodi pamene Mkhristu atsanulira malipiro ake m'mabotolo amenewa, akusamala thupi limene Chauta anam'bwereka, kapena akukana msinkhu umene Chauta yemweyo anamuikira?

Malembo satsutsa mankhwala. Mfumu Hezekiya, atadwala kufikira pafupi kufa, anapemphera ndi misozi, napatsidwa zaka zina 15, komabe mneneri Yesaya analamula kuti pachithupsa chake aikepo nkhuyu zouma. Ndipo mfumu Asa, amene anadwala mapazi mu ukalamba wake, sanadzudzulidwe chifukwa choitana asing'anga, koma chifukwa mtima wake unathera mwa iwo okha. Nchifukwa chake pa Mishoni ya Mulanje tchalitchi ndi chipatala zaimirira moyandikana, ndipo sindiona mlandu mwa munthu amene, pomva mawondo akuwawa, afuna chomulimbitsa kuti alerebe adzukulu ake.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti zimene tikuitanitsa kutali ndi ndalama zambiri, zinali kale pakhomo pathu. Mayi amene atsika m'munda wa tiyi ku Lujeri, dengu litamupweteka msana tsiku lonse, akatereka mang'ina pamoto wa nkhuni mpaka msuzi wake uchite kumata milomo, ndipo ukazizira uundane mumphika, ameneyo waphika kolajeni, ngakhale dzinalo sanalimvepo. Thobwa wogona, amene wayamba kuwawasa, ndi chambiko, kuwawasa kwake n'kwa tizilombo ta mtundu womwewo umene Élie Metchnikoff, wasayansi wa ku Russia amene analandira mphoto ya Nobel mu 1908, anautamanda poona kutalika kwa moyo wa alimi a ku Bulgaria okonda mkaka wosasa. Ndiponso thupi silingathe kuluka kolajeni wakewake popanda vitamini C, amene wadzaza m'zinanazi zimene amayi aunjika m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Kafukufuku wa ufa wa m'mabotolowo waonetsa phindu lapang'ono pakhungu, ndipo wambiri wa kafukufukuyo walipiridwa ndi ogulitsa omwe. Pamenepo munthu akumbuke kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma ngakhale ufawo utakhala wamphamvu monga ogulitsa anenera, funso likadatsalabe, pakuti malonda ake aima pa chiphunzitso chimene sachitchula poyera, chakuti makwinya ndi chilema ndipo ukalamba ndi manyazi. Makolo athu, Alomwe, Amang'anja ndi Ayao okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, sanaone chomwecho: mlandu ukakula paudzu, anyamata a khungu losalala ankakhala chete, ndipo onse ankatembenukira kwa gogo wa nkhope yolembekalembeka, podziwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mtsikana amene aphunzira kuopa makwinya ake a mawa sadzatha kuyang'ana ndi ulemu makwinya a agogo ake lero, ndipo kutaya kumeneku kulibe botolo lokubwezera.

Palinso mlandu wa mnansi. M'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira, munthu amene ali ndi ndalama zosalazira khungu lake ayenera kudzifunsa pamaso pa Mulungu ngati mwana wa mlongo wake ku Mkanda wadya dzira, usipa kapena phala la nsinjiro sabata ino, pakuti m'thupi laling'ono limenelo mafupa akadali kumangidwa, ndipo msinkhu umene mwana ataya m'zaka zake ziwiri zoyamba n'kovuta kuubweza akakula.