Phindu ndi Malire a Mapuloteni Olandira Histamine Opangidwa mu Labotale

Khungu likatupa munthu atalumidwa ndi njuchi, kapena mphuno ikamachucha chifukwa cha fumbi, chimene chagwira ntchito ndi histamine, mankhwala amene maselo ena a m'thupi amatulutsa pochenjeza anzawo. Chenjezolo limamveka likafika pa receptor, yomwe ndi puloteni yokhala pachikuto cha selo, imene imagwira histamine kunja n'kuyambitsa zochitika mkati. Ma receptor amenewa alipo mitundu inayi: H1 imabweretsa kuyabwa ndi kuyetsemula, H2 imachulukitsa asidi m'mimba, H3 imapezeka kwambiri muubongo, pomwe H4 ili m'maselo oteteza thupi.

Popeza m'thupi mitunduyi imagwira ntchito nthawi imodzi, kale kunali kovuta kusiyanitsa zochita za uliwonse, monga mmene kulili kovuta kumva mawu a munthu mmodzi pamsika. Njira ya recombinant inathetsa phokosolo, chifukwa ofufuza amatenga jini, kutanthauza kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteni imodzi, n'kuyiika m'maselo owetedwa mu labotale kuti apange receptor imodzi yokha. Majini a H1 ndi H2 anapatulidwa mu 1991, ya H3 mu 1999, ndipo ya H4 mu 2000. Mu 2011, H1 ya munthu yopangidwa m'maselo a yisiti inaonetsa kamangidwe kake itagwirana ndi mankhwala a doxepin, moti kwa nthawi yoyamba anthu anaona kachibowo kamene mankhwala oletsa kuyabwa amakhazikikamo.

Komabe, puloteni yochotsedwa kwawo siulula zonse. Maselo a mu labotale amatha kupanga ma receptor ochuluka kuposa a m'thupi, zomwe zimakuza mphamvu yooneka ya mankhwala, ndipo H4 ya mbewa imasiyana kwambiri ndi ya munthu, kotero zotsatira za kwina sizingangosamutsidwira kwina. Ngakhale tulo timene mankhwala oletsa kuyabwa a Piriton amabweretsa sitingaoneke m'kambale ka maselo, pakuti timadza mankhwalawo akalowa muubongo n'kutseka H1 ya kumeneko, imene imathandiza munthu kukhala maso.

N'zoyenera kukumbukira kuti wofufuza James Black ndi anzake anazindikira H2 mu 1972 poyesa ziwalo za nyama, jini yake isanadziwike, ndipo ntchitoyo inabala cimetidine wochiza zilonda zam'mimba. Choncho puloteni ya mu labotale ndi yofunika chifukwa imayankha funso limodzi momveka, koma yankholo liyenera kubwerera kuthupi lathunthu kukayesedwa lisanatchedwe chithandizo cha wodwala.