Mwana Akafuna Kusiya Ntchito ya Pamwezi

Kuwerenga: Genesis 30:25-30, 31:1-7, 41

Amayi anzanga a m'Chigwirizano, ena mwa inu simukugona tulo. Mwana amene munamuphunzitsa ndi ndalama za tomato ali pa ntchito yabwino ku banki kapena ku kampani ya mafoni, koma lero akuti afuna kusiya kuti ayambe kampani yakeyake. Mwamukalipira kale, mwinanso mwauza abusa kuti amudzudzule.

Ife a kuno ku Kabwe tisafulumire kuyesa ntchito ya pamwezi thanthwe. Mgodi wathu wa mtovu unadyetsa mabanja zaka pafupifupi 90, koma mu 1994 unatsekedwa. Makina a ku Mulungushi Textiles anaima mu 2007. Abambo amene tinkati ali pabwino anangokhala pakhonde, ndipo mabanja ambiri a ku Kasanda ndi ku Chowa anapulumukira salaula ndi zitumbuwa za amayi. Kodi mwaiwala?

Yakobo nayenso anali wantchito. Anaweta zoweta za Labani, Labani nalemera, koma malipiro a Yakobo anasinthidwa kakhumi konse. Tsiku lina Yakobo anafunsa kuti kodi banja lake adzaligwirira ntchito liti. Funso limeneli si tchimo, amayi. Mwana wanu akalifunsa, musamuyese wonyada kapena wosayamika.

Koma taonani zimene Yakobo anachita atafunsa. Sanachoke m'mawa mwake. Anakhalabe zaka zina 6 akuweta za Labani, uku gulu lakelake likukula. Apa ndi pamene ana athu ambiri amapunthwa. Amalemba kalata yosiya ntchito asanagulitseko kanthu ngakhale kamodzi, chifukwa mnzawo pa Facebook waoneka ndi galimoto. Ena kuyambira mu 2023 anatapa 20 peresenti ya ndalama zawo za ku NAPSA, zimene zinali za ukalamba. Ngati zalowa m'bizinesi yosawerengera bwino, adzadya chiyani imvi zikamera? Za kaloba ndiye sindifuna n'kuzimva komwe.

Nthawi itakwana, Ambuye ndiwo anauza Yakobo kuti abwerere kwawo. Ngakhale zinali choncho, iye anaitana Rakele ndi Leya kubusa nawafotokozera zonse. Malipiro a mwana wanu sadya yekha. Pali mkazi kapena mwamuna wake, pali ana a malemu mlongo wake amene amawalipirira sukulu, mwinanso mankhwala anu a BP. Onsewa ayenera kumva nkhaniyi kalata isanalembedwe.

Chimodzi chokha musamuphunzitse mwana kuchokera kwa Yakobo: kuthawa osatsazika. Mkhristu atsazike bwino, asabe makasitomala a abwana ake, asagwiritse ntchito nthawi ya kampani pa malonda ake.

Sabata ino muitaneni mwanayo, mumphikire nsima, mukhale pansi. Mufunseni modekha: wagulitsapo kale kwa anthu angati? Wasunga ndalama zokwana miyezi ingati ya lendi? Kampaniyo walembetsa ku PACRA? Wa kunyumba kwake wavomera? Akayankha bwino, musamutsekereze ndi mantha anu. Muikeni manja, ndipo ndalama za chilimba zikakugwerani mukhale woyamba kumugula. Akasowa mayankho, musamuseke. Muuzeni agwirebe ntchito chaka china akukonzekera, ndipo dzina lake mubwere nalo ku mapemphero athu.